Ndinaphika Osalawa

Kwathu ku Lungwena mukafunsa dzina langa lenileni anthu amayamba akanda kaye m'mutu, koma mukangoti Amchere, ngakhale wa kabaza akufikitsani pakhomo. Dzinali ndinalitola ku banja langa loyamba. Tsiku lina nditapita kukaona apongozi anga aakazi, kunabwera alendo ochokera ku Nkhudzi, ndipo anandipatsa nsomba za chambo kuti ndiphike. Ndinathira mchere monga ndinkathirira masiku onse, kutapa kodzaza dzanja n'kuwonjezera kena pamwamba. Alendo anadya mwaulemu ndithu, koma ndowa ya madzi akumwa inatha. Nkhani inafika kumsika ine ndisanatsuke mbale. Banjalo linatha pa zifukwa zina, mwamunayo anali wa maso patalipatali, koma anthu anagwira ya mchere yomweyo.

Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ndine mwana wa mayi wodziwa kuphika kuposa onse m'mudzi. Pa ukwati, pa sadaka, pa Idi, sefuliya ya mpunga sinkaikidwa pamoto amayi anga asanafike. Iwo ankangotapa mchere, kuupepesa m'dzanja, kuwaza, basi. Ngakhale mwezi wa Ramadani, atafunga, osalawa kanthu, ndiwo zawo zinkakolera bwinobwino. Ine pa zochitika zoterezi ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kusenda anyezi. Ndikayandikira mbale ya mchere amayi ankangoti, "Iwe, nkhuni zatha uko," nkhuni zili mulu pambali pawo. Sindinkafuna zambiri pa moyo wanga. Ndinkangofuna tsiku limodzi loti amayi andilole kuthira mchere m'sefuliya yawo anthu akuona.

Nditaganiza zopita ku Joni, monga amachitira anzathu ambiri kuno ku Mangochi, amayi sanandiletse. Anandimangira usipa wouma m'kathumba, nandiperekeza mpaka pa boma pokwerera basi. Ndinkadikira mawu otsanzika oti ndizikawakumbukira. Iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita. Koma kumeneko usakavomere ntchito yophika, angakubweze." Ndinaseka, basi itanyamuka ndinalira mpaka ku Liwonde.

Ndinakafikira mumzinda wa Durban kwa Asiyatu, mnzanga wa ku Nkopola amene ankasoka makatani. Tinkagona akazi anayi m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya matayala. Wina akafuna kuswali, kupemphera kwathu kwa Chisilamu, enafe tinkakwera pa matilesi kuti mkeka upeze malo. Koma ndikanena zoona, sindinasekepo m'moyo mwanga ngati mmene ndinasekera m'kachipinda kameneko. Lamlungu tinkalukana tsitsi, kukazinga usipa wochokera kumudzi, eni matayala n'kumagogoda khoma kuti fungo likuthawitsa makasitomala. Kenako ankabwera okha ndi mbale kudzapempha.

Ntchito anandipezera ndi Asiyatu yemweyo, kwa mayi wina amene anamusokera makatani. Anali Mama Zodwa, Mzulu wathupi lake, woseka ndi mapewa omwe. Iwo ankagulitsa mabuku a kaphikidwe a kampani ina imene sinkaika mabuku ake m'mashopu. Malonda ake ankachitikira m'nyumba za anthu. Mayi wina ankaitana anzake, khumi kapena kuposerapo, tsiku Loweruka masana. Mama Zodwa ankafika, kuphika chakudya chimodzi cha m'bukumo onse akuonerera, kuwalawitsa, ndipo amene chawakomera ankagula buku. Vuto linali msana wawo. Mabukuwo anali aakulu, a zikuto zolimba, ndipo nyumba zambiri za kumeneko zili m'mapiri, galimoto imaima kumunsi, munthu n'kukwera masitepe mpaka mawondo kulira.

"Kuphika umatha?" anandifunsa tsiku loyamba.

"Ayi, Mama. Ngakhale pang'ono," ndinayankha msangamsanga.

"Zili bwino. Ine ndikufuna wonyamula."

Titafika pa nyumba yoyamba, iwo anayamba kutulutsa mabuku awiriawiri kuti tizikwera nawo maulendo angapo. Ine ndinavula chitenje cha pamwamba, kupinda nkhata, n'kusenza katoni yonse pamutu. Mama Zodwa anakuwa kuti ndithyoka khosi. Ndinawauza m'Chingerezi changa cha sitandade seveni kuti kwathu dengu la utaka wauwisi limalemera kuposa apa, komanso limadonthera m'maso. Ndinakwera masitepe onse manja ali lendelende, azimayi a m'nyumbamo atatuluka pakhonde akundijambula ndi mafoni. Tsiku limenelo ndinaona kuti ntchito ndaipeza.

Tinayenda nawo mabukuwo! M'nyumba za Azulu, za amwenye, za azungu, ngakhale m'maholo a matchalitchi. Mvula itatinyowetsera katoni imodzi mpaka masamba kumatana, ndinayamba kuwamanga monga timamangira usipa wopita ku Limbe: pulasitiki mkati, chiguduli kunja, chingwe chopingasa kawiri. Palibe buku linanyowanso. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo chaka chachiwiri mchimwene wanga ananditumizira chithunzi cha nyumba ya amayi itavala malata, iye ataima kutsogolo ngati wakhoma ndi ndalama zake.

Mama Zodwa akamaphika, ine ndinkaima pambali kuwapatsira ziwiya. Anali ndi timasupuni tinayi toyezera, tomangidwa pa kamphete kamodzi ngati makiyi. Tsiku lina manja awo ali ndi ufa anati ndiwatapire kasupuni kamodzi ka mchere. Ndinatapa kodzaza mpaka kupanga kaphiri, n'kutsinanso kena ndi zala kuwonjezera pamwamba. Anandigwira pamkono mchere usanagwere m'poto.

"Kowonjezerako n'kachiyani?"

Ndinayang'ana dzanja langa. Kenako ndinazindikira ndekha. Ine ndinakulira pamsika, kugulitsa usipa m'milu kuyambira ndili wamng'ono. Kwathu sungamupatse munthu mulu wopanda basela, angakunene kuti ndiwe woumira. Dzanja langa linazolowera kuti likatapa chinthu liwonjezere kena, ndipo linkachita zomwezo ndi poto. Nditawafotokozera, Mama Zodwa anaseka mpaka kukhala pampando.

"Mwana wanga, poto si kasitomala. Buku likati kasupuni kamodzi, tapa, upale pamwamba ndi mpeni. Basela wakoyo uzipatsa anthu."

Anandipatsa buku limodzi mwa onyowa aja ndi timasupuni takale. Ndinayamba kuyeserera m'kachipinda kathu, chala pa mzere uliwonse, mawu ovuta ndikufunsa mwana wasukulu aliyense wodutsa. Asiyatu ankalawa ataika kapu ya madzi pafupi, dala kuti andipsetse mtima. Patapita masabata kapuyo anasiya kuigwira. Anangoti, "Chemwali, kodi mukudwala? Ndiwozi zakoma."

Tsiku limene sindidzaliiwala linagwa m'mwezi wa Ramadani. Tinali ndi phwando la malonda kwa mayi wina wachimwenye, namwino wopuma pa ntchito. M'mawa Mama Zodwa anaimba foni ali kuchipatala, mwana wawo wamkazi woyembekezera matenda atamuyamba mwezi wochira usanakwane. Anati ndikwere minibasi, ndikasiye mabuku, ndipepese, ndibwerere. Ndinasenza katoni yanga, kukhosi kuli gwa ndi ludzu, n'kukwera phiri lija. Nditalowa ndinapeza azimayi khumi ndi awiri atakhala kale, nsomba yagulidwa, tomato wadulidwa, mkaka wa kokonati uli patebulo. Mwini nyumba atamva uthenga wanga nkhope inagwa.

"Ndiye anzangawa ndiwauze chiyani? Ena achokera kutali. Iwe sungaphike? Si umakhala naye nthawi zonse?"

Mawu a amayi a pa basi paja anandibwerera m'makutu. Koma ndinaonanso manyazi a mayiyo pamaso pa alendo ake, ndipo manyazi otero ndinkawadziwa bwino. Ndinasamba m'manja, ndinatsegula buku.

Ndinaphika mwakachetechete. Mama Zodwa akamaphika ankacheza, kuseketsa anthu. Ine ndinkangowerenga mzere, kuyeza, kupala ndi mpeni, kuthira. Nsomba itapsa, mwini nyumba ananditambasulira supuni.

"Lawa kaye, tione ngati mchere wakwana."

"Pepani mayi, sindingathe. Ndafunga."

Ena amati wofunga akhoza kulawa ndi nsonga ya lilime n'kulavula, koma ife amayi sanatilere choncho. Ndinaona azimayi awiri akuyang'anizana. Poti zinali zitavuta kale, ndinangoganiza zonena zoona zonse.

"Amayi inu, kwathu ku Malawi dzina langa ndi Amchere. Ndinaphikira alendo a apongozi anga nsomba, anamwa ndowa yathunthu ya madzi. Mayi anga ondibereka sandilola kuyandikira mphika wawo. Lero ndaphika osalawa, ndangotsata bukuli. Ndiye lawani ndinu. Ikakhala yoipa, bukuli ndi labodza, musagule, ndilisenza ndibwerere nalo."

Anayamba kuseka ndi mayi wina wokalamba wa ndodo, kenako onse. Wokalambayo ndiye analawa poyamba. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Kenako anati, "Ndipatse mabuku awiri. Lina ndikampatse mpongozi wanga, nayenso ndi Amchere." Mabuku anatha onse. Mwini nyumba anandiikira nsomba ina m'kabakuli kuti ndikamasulire swaumu, kufunga kwa tsikulo, ndipo ndinatsika phiri lija katoni yopanda kanthu ikuuluka pamutu, ndikuimba nyimbo za kwathu mokweza ngati wamisala. Dzuwa litalowa ndinalawa nsomba ija pamodzi ndi Asiyatu. Inali yokoma, ndipo ndinalira ndi chimwemwe.

Mama Zodwa anapeza mdzukulu wamwamuna, ine ndinapeza ntchito yatsopano. Anakandilembetsa ku kampani kuti ndikhale wogulitsa pandekha, ndi nyumba zangazanga zoyendera. Mabuku ndinkasenzabe ndekha, sindinafune wina andilande nkhata yanga. Ndipo kulikonse ndinkayamba ndi nkhani ya apongozi, n'kuphika osalawa, kaya ndi Ramadani kaya ayi. Azimayi ankauzana kuti itanani Mmalawi uja wosalawa. Asiyatu ankati ndine munthu yekhayo amene amafunga chaka chonse koma n'kumanenepa.

Patapita zaka, mtima unayamba kukoka. Ndinatsanzika anzanga, Mama Zodwa anandipatsa timasupuni tatsopano tonyezimira, ndipo ndinakwera basi ndi katoni imodzi ya mabuku, ndili ndi maloto oti ndikayambitse malonda omwewo kwathu. Maloto amenewo anafera pakhonde. Azimayi anabwera ndithu, anaona zithunzi, anafunsa kuti tchizi amagula kuti ku Lungwena, anamwa tiyi wanga n'kumapita. Amayi anatembenuza buku limodzi uku ndi uku, nalinunkhiza.

"Buku limeneli lili ndi lilime?"

"Lilibe, amayi."

"Nanga limadziwa bwanji kuti zakolera?"

Pakhomo zinthu zinali zitasintha. Mchimwene wanga anali atamera mimba, ali ndi boti la injini ndi mkazi, mlamu wanga wofatsa wa ku Malindi. Koma chimene chinandidzidzimutsa chinali chakudya choyamba chimene amayi anandiphikira. Nditangoika m'kamwa, mchere unandiluma lilime. Ndinayang'ana mchimwene wanga, iye maso ali m'mbale, akudya ngati palibe kanthu. Potsuka mbale mlamu anandinong'oneza.

"Alamu, musanene kanthu. Manja awo anayamba kunjenjemera chaka chatha. Akati awaze pang'ono, umakhuthukira wonse. Masiku ena amalawa n'kuthira madzi, koma Ramadani ikubwerayi sindikudziwa. Ndani angawauze?"

Zoonadi, ndinawaona m'mawa mwake akulephera kulowetsa ulusi pa singano, kapu ya tiyi ikugwedera m'manja. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti tsiku limene amayi adzawawitse mchere ndidzaseka. Sindinaseke, ndinawamvera chifundo.

Ramadani itayamba, tsiku loyamba ndi lachiwiri tinamasula swaumu ndi ndiwo zowawa. Amayi ankalawa pamodzi nafe, n'kukankhira mbale kutali. Tsiku lachitatu ndinatenga timasupuni tanga n'kukhala pakhonde ndi mlamu, pafupi ndi pamene amayi ankasenda mtedza wa futali. Ndinayamba kumuphunzitsa mlamuyo mokweza mawu ngati ndi wogontha.

"Poto wathu wa ndiwo uja, wakuda, amafuna kasupuni aka kawiri. Mutape, mupale pamwamba ndi mpeni. Ngakhale dzanja ligwedere, zotsala m'kasupuni zimakhala zomwezo. Wa futali uja, kamodzi."

Amayi sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Zachizungu," n'kupitiriza kusenda.

M'mawa mwake ndinapeza pa kamphete paja patsala timasupuni titatu. Ndinafunafuna, mlamu anakana kuti sanakaone. Madzulo ake ndiwo za amayi zinakolera ngati kale. Mchimwene wanga ananyambita zala n'kufuula kuti, "Alihamudulila, dzanja la amayi labwerera!" Amayi anangoti, "Linapita kuti?" Ine ndi mlamu tinayang'anizana, aliyense n'kuthawitsa maso kuti tisaseke. Mwezi wonse unatha choncho. Anansi amene tinkawagawira futali ankabweza mbale ndi mayamiko, ndipo za kasupuni palibe anazitchula.

Tsiku la Idi mabanja a mbali yathu anasonkha mpunga ndi mbuzi kuti tidyere pamodzi. Masefuliya akuluakulu anaikidwa pa mafuwa kuseri kwa nyumba yathu, azimayi ali piringupiringu. Apongozi anga akale aja analiponso, atakalamba koma pakamwa pali pomwepo. Ine ndinali pa malo anga akale, pa anyezi. Madzi a mpunga atawira, mayi wina anatenga mbale ya mchere n'kukaigwira pamaso pa amayi, monga zinkachitikira zaka zonse.

Amayi anayang'ana sefuliya, anayang'ana mbale ya mchere. Ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo. Kasupuni kaja ankakadziwa pa poto wakuda wa pakhomo, osati pa chisefuliya cha anthu makumimakumi. Anatambasula dzanja, ndipo linanjenjemera onse akuona. Analibweza.

"Muitaneni mwana wanga."

"Uti?" anafunsa wogwira mbale uja.

"Ndili ndi ana aakazi angati?"

Apongozi akale aja anaseka mokweza. "Amchere? Abale, tumani ana akatunge madzi akumwa, lero tiona!"

Ena anaseka nawo. Amayi anagwira nsonga ya chitenje chawo, pamene amamangirira ndalama, n'kuyamba kumasula mfundo ndi zala zogwederazo. Inatenga nthawi. M'menemo munatuluka kasupuni kanga. Anakakweza m'mwamba.

"Mwezi wonsewu mwadya futali wanga, mwadya ndiwo zanga, mukuti dzanja la mayi uja silikalamba. Linakalamba kalekale. Dzanja limene mumaliyamikalo ndi ili, ndipo mwini wake ndi uyo ali pa anyeziyo. Iwe, bwera kuno, mpunga ukudikira."

Ndinaimirira, misozi ili mbwee, ndipo sinali ya anyezi. Ndinafunsa kuti athira makapu angati a mpunga, ndinawerengera m'mutu monga linandiphunzitsira buku, n'kuyamba kutapa ndi supuni yaikulu ya pa kamphete paja. Kutapa, kupala, kuthira, azimayi onse atandizungulira ngati ndikuchita matsenga. Nditathira yomaliza, zala zanga zinapita zokha m'mbale kukatsina kena. Ndinazimenya ndi dzanja linalo.

Mpunga utapsa amayi anatapa pang'ono ndi chipande, anauzira, naika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono ngati mayi wa ndodo wa ku Durban uja. Kenako anatapanso wina n'kuwapatsira apongozi anga akale.

"Talawani, mutiuze ngati titume ana kumadzi."

Iwo anatafuna, anameza, anayang'ana kumbali. "Wakolera," anatero ndi mawu apansipansi.

"Sindinamve, makutu anganso anakalamba."

"Ndati wakolera!"

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Mabuku aja alipobe m'katoni pansi pa bedi, omangidwa bwino, sananyowepo. Dzina lija nalonso silinachoke. Kungoti masiku ano kukakhala ukwati kapena sadaka, madzi akangowira m'sefuliya, amayi amakhala pa mpando wawo manja ali pamiyendo, n'kukuwa kuti mudzi wonse umve: "Musakhudze mbaleyo! Kaitaneni Amchere!"